Phulusa la ku eMalahleni

Lolemba, m'basi

Tanyamuka ku Blantyre m'mawa chiperoni chitakuta mzinda wonse. Ndikupita kukaona achemwali anga amene akhala ku eMalahleni, ku South Africa, zaka zisanu ndi zitatu tsopano, ine osapondako n'kamodzi komwe. Amayi andisenzetsa katundu ngati ndikukatsegula okala: ufa woyera, usipa, nsinjiro, mfutso wa nkhwani. Akuti mwana wawo asaiwale kwawo.

Ntchito yanga ndi ya ulangizi wa zaulimi, ndiye mundikhululukire ngati zolemba izi zidzadze ndi dothi. Anzanga akapita ku Joni amajambula nyumba zosanjikizana, ine maso amangothamangira m'minda ya eni ake.

Titadinditsa mapasipoti ku Mwanza ndi ku Zobue tinatsetserekera ku Tete, kutentha kukunka kukula mpaka majuzi onse anavulidwa. Pa Moatize ndinaona milu yakuda bii, ndi mabogi a sitima ija timaiona kwathu ikudutsa pa Nkaya kupita ku Nacala. Mayi amene ndakhala nawo mpando umodzi anafunsa kuti, "Makala onsewa, mitengo yake anakaidula kuti?" Ndinawafotokozera kuti amenewo ndi malasha, mwala wokumbidwa pansi, osati makala a mitengo. Anandiyang'ana ngati mwana wa sukulu wofuna kuonetsa nzeru. "Bambo, zonse zimayaka, zonse zimasiya phulusa. Nanga kusiyana kwake n'kotani?" Ndinangoseka.

Tawoloka Zambezi, tikulowera ku Nyamapanda. Foni ikutha moto.

Lachiwiri

Tsiku lathera pamzere pa Beitbridge. Miyendo yatupa, ndipo usipa wa amayi wadziwika ndi basi yonse.

Lachitatu, KwaGuqa, dera la mu eMalahleni

Alamu anadzandichingamira ku Park Station, siteshoni ya mabasi ya mu Johannesburg, ndi kagalimoto kawo. Iwowa amayendetsa lole yonyamula malasha kuchokera kumigodi kupita kumalo opangira magetsi, ndiye msewu wa N12 amaudziwa ngati njira ya kuchigayo. Titapitirira Delmas dziko linangokhala lathyathyathya, udzu wouma, minda ya chimanga chokolola kale yosaoneka polekezera. Kenaka patsogolo panatulukira zinthu zonga nkhokwe za ziphona, zitandandalikana.

"Alamu, Kendal ndi ameneyo," anatero akuloza ndi mlomo.

Ine ndinkayesa utsi umatuluka m'zinkhokwezo. Ayi, zimenezo n'zoziziritsira madzi. Utsi umatulukira m'machumuni owonda, ataliatali, amene aima chapafupi. Kendal, malo opangira magetsi ndi malasha, ali ndi makina 6, alionse otha kupanga mamegawati 686, onse pamodzi 4,116. Makina amodzi okha mwa amenewa amaposa magetsi onse amene Nkula, Tedzani ndi Kapichira amapanga ataphatikizana. Ndinakhala chete kwa kanthawi. Munthu wokulira m'kuzimazima kwa magetsi ukaona zoterezi, choyamba kubwera ndi nsanje.

Dzina lakuti eMalahleni likungotanthauza kuti kumalasha. Mpaka 2006 tauniyi inkatchedwa Witbank, ndipo ambiri akuitchulabe choncho. Khutu la Mchewa silivutika kuno: iwo amati amalahle, ife timati malasha, iwo amati imbawula, ife mbaula. Chimene chinandivuta ndi mphuno. Tikulowa m'tauni ndinamva kafungo konga ka machesi ongoyatsidwa kumene, kosachoka. Nditawafunsa achemwali, atatha kundikumbatira ndi kulira ndi kundinena kuti ndanenepa, anati, "Fungo liti, achimwene?" Iwo analeka kalekale kukamva.

Madzulo kwazizira moposa ku Dedza. Nyumba zambiri zayatsa malasha, ndipo utsi sukukwera kumwamba, wangogona m'misewu ngati nkhungu, nyali za mumsewu zikuoneka ngati zavala chitenje. M'miyezi yozizira mpweya wozizira umakhala pansi, wofunda pamwamba pake, ndiye umavindikira dera lonse ngati mphika. Chilichonse chotuluka m'mbaula, m'malole ndi m'mafakitale chimagona nanu limodzi mpaka dzuwa litakwera.

Lachinayi

Ndisanamalize n'komwe tiyi achemwali anandikokera kuseri kwa nyumba. "Inu alangizi, bwerani mudzapereke malikisi."

Dimba lake ndi laling'ono, koma ndinachita kugwira pakamwa. Sipinachi wa masamba otambalala ngati a fodya, mpiru, repu, anyezi, zonse zobiriwira mochititsa kaso m'kati mwa chisanu chonchi. Nthawi ya dzinja akuti amadzala bonongwe, nkhwani, therere ndi chisoso, ndipo Amalawi a kuno amachita kulimbirana, ena kuchokera ku Middelburg. Yunifolomu ya ana imachokera m'dimba limeneli.

Ndinafunsa chinsinsi chake. "Zitosi za nkhuku ndi phulusa basi. Monga amachitira amayi."

Pakona pa mpanda panali mulu wofika m'mawondo. Phulusa lonse la m'mbaula, la nyumba ino ndi la anansi awiri, limathiridwa pamenepo, kenaka amaliwaza m'mabedi akamatipula, lina pa masamba nsabwe zikayamba.

Apa mlandu ndi wanganso. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza alimi kuti phulusa si zinyalala. Wazani pa ndiwo tizilombo tithawe, thirani m'chimbudzi fungo lichepe, sungirani nyemba zisafumbwe, sakanizani ndi gaga ndi ndowe popanga manyowa a Mbeya. Ndipo kwathu zimenezi n'zoona, chifukwa phulusa la nkhuni, mapesi ndi zitsononkho ndi chakudya chimene chomera chinatenga m'nthaka, potaziyamu ndi kashiamu, chikungobwerera kumene chinachokera.

Koma nditatapa la achemwali, dzanja linazindikira msanga kuposa mutu. Lolemera, lokhakhala ngati mchenga wa kumtsinje, muli timiyala tosungunuka tonyezimira ngati galasi losweka. Ndinakumbukira mayi a m'basi aja, ndipo yankho limene ndinawamana pa Moatize linabwera lokha ndili chinjutire pamuluwo.

Malasha a kuno ndi zomera za m'madambo a zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, zimene zinakwiririka pamodzi ndi matope. M'matopemo munali tizitsulo: mtovu, aseniki, kadimiyamu, kromiyamu, nikelo, mekyule. Malasha asanapse timakhala tochepa kwambiri, tomwazikana. Koma moto umadya chimene chimayaka n'kusiya chimene sichiyaka. Zili ngati ndiwo zimene waziiwala pamoto: msuzi ukamaphwa mchere umanka nuwawa, chonsecho sunathiremo wina. Ndiye phulusa la malasha limakhala ndi zitsulo zambiri kuposa malasha amene linachokerako. Choipitsitsa n'chakuti chitsulo sichiola. Manyowa amaola, mankhwala ambiri opopera amatha mphamvu pakapita miyezi, koma mtovu ukalowa m'bedi chaka chino, mdzukulu adzaupeza momwemo.

Ndinafunsa mtima ukugunda kuti, "Nanga chidulo mumatcheza ndi phulusa lomweli?"

Anaseka. Akuti anayesa kamodzi chaka choyamba, therere linatuluka lomveka ngati wanyambita kobiri, anataya mphika wonse. Kuyambira pamenepo amagula soda. Ndinapuma.

Koma kuseka sikunakhalitse. Atamvetsa kumene nkhani ikulowera nkhope inagwa. "Ndiye mukunena kuti zaka zonsezi ndakhala ndikudyetsa anthu poizoni? Taonani masambawo, achimwene. Odwala amaoneka chonchi?"

Ndinawauza kuti diso silingaweruze mlandu umenewu. Nayitrojeni akachepa tsamba limachita chikasu, madzi akachepa limafota, koma kadimiyamu amatha kukwera ndi mizu n'kukhala m'tsamba lobiriwira bwinobwino. Ndipo ndiwo zamasamba, makamaka sipinachi ndi bonongwe, n'zimene zimakoka kwambiri kuposa chimanga kapena tomato. Mtovu wambiri sukwera ndi mizu, umangomata kunja monga fumbi. "Chikomekome cha nkuyu," anatero achemwali motsitsa mawu, osamaliza n'komwe mwambiwo, n'kulowa m'nyumba.

Masana tadya nsima ya ufa wa amayi ndi sipinachi yemweyo wotendera. Ndadya, ndipo anali wokoma. Mbale imodzi siipha munthu. Vuto ndi zaka: kadimiyamu amaunjikana mu impso ndipo amatenga zaka makumi kuti achoke, pamene mtovu umalimbana ndi ubongo wa mwana amene akukula. Ndikudya ndimayang'ana kamwana kotsiriza ka achemwali, ka zaka zitatu, kamene m'mawa wonse kamaumba nsima ya masanje pamulu uja.

Lachisanu

Lero alamu sanapite kuntchito, ndiye anati akandionetse kumene amakataya thukuta.

Tinayambira ku Duvha, malo ena opangira magetsi kufupi ndi tauni. Machumuni ake ndi otalika mamita 300. Dzinalo ndi la Chivenda, ndipo ndi dzuwa lomweli. Kwina kuli Kusile, kutanthauza kuti kwacha. Amene amatcha mayina kuno ali ndi luso, malo otulutsa utsi awiri onsewa ali ndi mayina a kuwala.

Chimene ndinkafuna kuona si makina koma kotayira phulusa. Ukakhala patali umayesa ndi phiri lodulidwa pamwamba, lotuwa, lalitali kuposa mudzi wathu wonse. Malasha amene amawotchedwa m'malo amenewa ndi otsika, abwino kwambiri amapita kunja kudzera ku doko la Richards Bay, ndiye pa matani atatu kapena anayi alionse, tani imodzi imatsala monga phulusa. Pachaka amakhala matani mamiliyoni ambirimbiri. Lochepa limagulidwa ndi opanga simenti, lotsalalo ndi mapiri amenewa. Amawaza madzi, mbali zakale amakwirira ndi dothi n'kudzala udzu, koma alamu akuti mphepo ya mu Ogasiti ikabwera umachita kuliona likunyamuka, zovala pachingwe zimatuwa zisanaume.

Phulusali lili pawiri. Lolemera limagwera pansi pa ng'anjo. Lopepuka, losalala ngati ufa wosefa, limauluka ndi utsi, ndipo limagwidwa ndi zitsulo za magetsi kapena matumba aakulu lisanafike pachumuni. Zipangizozi zikamayenda bwino zimagwira pafupifupi lonse. Koma pa kutentha kwa m'ng'anjomo aseniki ndi mtovu zimasanduka nthunzi, ndipo utsi ukamazizira zimadzamata pa tifumbi tating'ono kwambiri, tomwe n'timenenso timapulumuka mosavuta. Mekyule ndiye wambiri amangotuluka ngati mpweya, kuyenda ulendo wautali, kugwa ndi mvula, ndipo akafika m'matope a m'madamu amasanduka mtundu umene umaunjikana mu nsomba. Chumuni chachitali chimangothandiza kuti zisagwere pakhomo pomwepo.

Ndisanamizire machumuni zonse. Dera lino muli migodi, malole osawerengeka, mafakitale osungunula kromu ndi zitsulo zina, ndiponso mpaka 2006 petulo wa m'dziko muno anali ndi mtovu, umene ukadali m'dothi la m'mbali mwa misewu. Ndipo pa dimba la achemwali, ine ndikuopa kwambiri mbaula kuposa Duvha. Chumuni chimawaza pang'onopang'ono pa dera lalikulu, pamene mbaula imathira ndowa yathunthu pa bedi limodzi.

Chinandidabwitsa n'chakuti minda ya chimanga ndi soya imafika mpaka pampanda pa malo opangira magetsi. Mpumalanga, chigawo chimene muli eMalahleni, ndi imodzi mwa nkhokwe za chimanga za dziko lino. Pamunda wina ndinaona mulu woyera wa laimu ukudikira kuwazidwa, ndipo ndinapempha alamu aimike galimoto. Laimu ameneyu ali ndi ntchito yaikulu kuposa imene mwini wake anamugulira. Nthaka ikakhala ya asidi, kadimiyamu, nikelo ndi zitsulo zina zimasungunuka n'kulowa m'mizu mosavuta, ndipo sulufule wa mu utsi akagwa ndi mvula amawonjezera asidiyo. Laimu amachepetsa asidi, zitsulo zija n'kumangika m'dothi. Ndiye mlimi wamkulu amathira laimu, amatumiza dothi ku labotale, ndipo amalima chimanga, chimene njere zake sizikoka zitsulo kwambiri. Mayi wa kuseri kwa nyumba alibe laimu, alibe labotale, ndipo amalima masamba. Mpweya ndi umodzi, koma sukuwagwera mofanana.

Pobwerera tinazungulira ku Kusile. Anayamba kumanga mu 2008, makina 6 a mamegawati pafupifupi 800 alionse, ndipo ndi malo oyamba m'dziko muno kukhala ndi zipangizo zotsuka utsi ndi phala la laimu kuti sulufule asatuluke. Kutsukako kumagwiranso gawo la mekyule. Mu Okotobala 2022 chipaipi chotengera utsi kuchumuni chinagwa, makina atatu anaima, ndipo poti magetsi ankazima m'dziko lonse, boma linalola kuti kwa kanthawi ayende ndi machumuni ongogwirizira, utsi osatsukidwa. Alamu anangoti, "Anthu ankafuna magetsi, alamu. Palibe amene ankafunsa za sulufule."

Loweruka

Mwana woyamba wa achemwali, wa zaka 14, anati, "Amalume, mukufuna dothi loipa? Tiyeni ndikakuonetseni pamene pansi pamapsa."

Sankanama. Kufupi ndi KwaGuqa kuli mgodi wakale wa Transvaal and Delagoa Bay, umene unatsekedwa mu 1953 n'kungosiyidwa. Malasha otsala pansi anagwira moto ndipo akhala akunyeka zaka zonsezi. Nthaka yake ndi yong'ambika, pena yatitimira, pena popanda ngakhale kaudzu, ndipo fungo la machesi lija pano ndiye pamudzi pake. Mnyamatayo amayenda ngati akuyenda pabwalo la mpira. Ine ndimaponda pamene waponda iye, ndipo tisanapite patali ndinati tibwerere.

Kumunsi kwake madzi amatuluka pansi ali ofiira ngati dzimbiri, m'mbali mwake muli zoyera zonga mchere. M'malasha mumakhala mwala wonyezimira wa chitsulo ndi sulufule. Ukakhala pansi osaona mpweya sulakwira munthu, koma ukakumbidwa n'kukumana ndi mpweya ndi madzi umabala asidi, ndipo asidiyo amasungunula ayironi, aluminiyamu ndi manganizi n'kupita nazo kumtsinje. Apa zimalowa m'kamtsinje ka Brugspruit, n'kukathira mu Olifants. Mtsinje umenewu umadzaza damu la Loskop, limene limathirira minda yaikulu ya ku Groblersdal, kenaka umadutsa m'nkhalango ya Kruger mpaka kukakumana ndi Limpopo ku Mozambique. Ku Loskop nsomba zakhala zikufa mwaunyinji ndipo ng'ona zinachepa kwambiri. Ng'ona, nyama imene kwathu timati siifa wamba. Ku Carolina, kum'mawa kwa kuno, mu Januwale 2012 madzi a m'migodi analowa m'damu la tauni mvula yamphamvu itagwa, ndipo anthu anakhala miyezi ingapo madzi a m'mipopi osamweka.

Pobwerera tinapeza bambo wina akutunga m'kamtsinje ndi zigubu ziwiri pawilibala, kabichi wake ali chapomwepo. Ndinapereka moni, mwana wa achemwali akumasulira. Ndinawauza kuti madziwo si abwino ku ndiwo. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kuyankha mwachidule. Mnyamata uja anaseka asanamasulire. "Akuti akudziwa, amalume. Akuti mpopi unauma Lachiwiri, ndipo kabichi sadikira."

Zaka zambiri ndakhala ndikupereka malangizo, ndipo yankho limeneli ndalimva m'zinenero zosiyanasiyana.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi Amalawi angapo anabwera kudzandilonjera, makamaka atamva za usipa. Achemwali, amene sanandilankhule bwinobwino kuyambira Lachinayi, ndi amene anaiyambitsa nkhani. "Alangizi athuwa akuti tikudya zitsulo."

Panabuka phokoso. Bambo wina wachikulire, amene wagwira ntchito m'migodi ya kuno zaka zambiri, anadikira onse atope, n'kunena kuti, "Mwana wanga, walira mvula walira matope. Tonsefe tinabwera kuno chifukwa cha malasha omwewa. Nyumba ya malata imene ndinamanga ku Mangochi ndi malasha." Alamu anavomereza, n'kufotokoza za ku Komati, kumene malo opangira magetsi anatsekedwa mu Okotobala 2022. Akuti malole analeka kupita, ogulitsa zakudya pageti anabalalika, lendi inasowa omulipira. "Mpweya kumeneko wayera, alamu. Koma mpweya sudyedwa."

Mtsikana wina amene amasamala ana pa sukulu ya mkaka ndiye sanagonje. Akuti m'nyengo yozizira theka la ana ake amakhala akutsokomola. Anatikumbutsa kuti boma lenilenilo mu 2007 linalengeza kuti dera la Highveld, kumene kuli malo ambiri opangira magetsi a Eskom, kampani ya boma ya magetsi, ndi fakitale ya mafuta ya Sasol ku Secunda, lili ndi mpweya woipa wofunika chisamaliro chapadera. Ndipo mu Malichi 2022, mabungwe a groundWork ndi Vukani atakasuma, jaji Colleen Collis wa khoti lalikulu ku Pretoria anagamula kuti mpweya umenewu ukuphwanya ufulu wa anthu wokhala pamalo osawononga thanzi lawo, umene uli m'gawo 24 la malamulo aakulu a dziko. "Ndiye si nkhani ya alendo ayi, agogo. Khoti linanena."

Ine sindinafune kutsutsana ndi munthu wamkulu pamaso pa anthu. Koma mwambi wawo uja wakhala ukundizunguza madzulo onse. Umagwira bwino pamene wolira mvula ndi yemweyo adzaponde matope. Kuno mawaya akuluakulu amadutsa pamwamba pa nyumba kupita ku Gauteng, chigawo chimene kuli Joni, ndipo amene akuyatsa mbaula pansi pa mawayawo akutero chifukwa kuotha magetsi n'kodula. Magetsi amapita kwina, phulusa limatsala kwina.

Komanso ndisadziyeretse. Mu 2022, namondwe Ana atagumula Kapichira, tikukhala mumdima tsiku ndi tsiku, ine ndinali m'gulu la anthu okuwa kuti boma lingomanga malo opangira magetsi a malasha zithe. Tsiku limenelo wina akanandifunsa za phulusa ndikanamuseka.

Lolemba

M'mawa ndinadzidzimuka ndi phokoso la fosholo. Achemwali anali pamulu uja akulongedza phulusa m'matumba, atamanga mpango kumphuno. Sananene kanthu, ine sindinanenenso kanthu, ndinangotenga thumba n'kugwirizira.

Tagwira ntchito tsiku lonse. Alamu anabweretsa matabwa akale, tinakhoma mabedi awiri okwera, pansi tinayala masaka, n'kudzaza ndi kompositi wogula wosakaniza ndi zitosi za nkhuku. M'mabedi akale tinawaza laimu. Tinjira ta m'dimba tinatiphimba ndi udzu kuti fumbi lisamadumphire pa masamba pothirira. Tinagwirizana kuti masamba a pansi penipeni azitayidwa, otsala azitsukidwa katatu, ndipo kamwana kaja kazisamba m'manja kasanagwire nsima. Ndinawauza poyera kuti kutsuka kumachotsa za kunja zokha, zimene zinakwera ndi mizu sizichoka ndi madzi.

Ndinapempha kuti sipinachi wa pafupi ndi mulu azulidwe. Apa ndiye anakana. "Bedi limodzi lokha, achimwene. Enawo anthu analipira kale." Tinazula limodzi.

Madzulo ndinatapa dothi pamalo asanu, kuya kwake ngati chikhatho ndi theka, ndi supuni ya pulasitiki kuti chitsulo chisasokoneze zoyeza, n'kuika m'timapepala ta pulasitiki, kena ka masamba. Alamu akazisiya ku labotale ku Pretoria. Ndawalembera papepala zoti akapemphe: mtovu, kadimiyamu, aseniki ndi asidi wa m'dothi. Pansi pake ndalemba malire a Codex, muyezo wa zakudya wa FAO ndi WHO: pa kilogalamu ya ndiwo zamasamba, mtovu usapitirire mamiligalamu 0.3, kadimiyamu 0.2. Achemwali anawerenga kawiri n'kumata pepalalo pafiriji, pambali pa kalendala ya tchalitchi.

Lachisanu, kwathu

Ndinatsika pa Zalewa n'kukwera minibasi ya ku Balaka. Pa Kam'mwamba inaima nthawi yaitali kudikira anthu, ndiye ndinakhala ndikuyang'ana pawindo. Pano m'pamene kwa zaka zambiri pakhala pakukambidwa zomanga malo opangira magetsi a malasha a mamegawati 300, malasha ake ochokera ku Moatize pa njanji imene ikudutsa kale m'boma la Neno. Mpaka lero sanamange. Pali malambe, matumba a makala m'mbali mwa msewu, mbuzi, ana ogulitsa zinthu pamawindo. Kale ndikadutsa pano ndinkaganiza za mababu oyaka. Lero ndimangoyeza ndi maso kuti phiri lotuwa lija lingakhale mbali iti, mphepo ya mwera ingalitengere kuti, ndipo madzi ochokera pamenepo angatsetserekere m'madimba a yani asanafike mu Shire.

Ndafika dzuwa likulowa. Ndinawapeza amayi pakhomo pa khitchini akutcheza chidulo, phulusa la zitsononkho lili m'kachitini kobooka, madzi akudontha pang'onopang'ono m'mbale. Anafunsa za adzukulu mmodzimmodzi, za alamu, ngati mfutso unafika wosanyowa. Kenaka anati, "Nanga mlongo wakoyo therere akumaphikabe?"

Ndinati akumaphika, koma ndi soda.

Amayi anapukusa mutu, n'kuwonjezera madzi m'kachitini. "Ana inu ulesi."